Kodi n'chiyani chimatikoka ku mabuku achikondi a makauboyi?

Nachisale wa ku Leeds:
Anzanga, ndithandizeni maganizo. Chiyambire Januwale ndawerenga mabuku 14, onse a mtundu umodzi. Mkazi wachoka mumzinda waukulu, wafika m'katauni ka ku Montana kapena ku Wyoming komwe kuli sitolo imodzi ya zakudya za ziweto, bala imodzi ndi tchalitchi chimodzi. Kumeneko akumana ndi mwamuna woweta ng'ombe, wachipewa chachikulu, wosachulutsa mawu, ndipo pofika pakati pa buku wolemba satsekanso chitseko cha kuchipinda. Ndimagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba, ndiye ndimawerenga pa foni nthawi yopuma, cha m'ma 3 koloko. Chondizunguza mutu ndi ichi: ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo kwathu wobusa ng'ombe anali mnyamata wosapita kusukulu, wa ming'alu kumapazi, amene palibe mtsikana ankamulota. Nanga zikutheka bwanji kuti wobusa ng'ombe wa ku America azindisowetsa tulo?

Nagama wa ku Joni:
Asisi, mwandilasa pamtima, matenda athu ndi amodzi. Ine ndinayamba chaka chatha nditaona atsikana pa TikTok akuonetsa mabukuwa. Aliyense amaika tsabola pambali posonyeza kutentha kwake. Tsabola mmodzi ndiye kuti amangopsompsonana basi, asanu ndiye kambuzi weniweni. Ine ndimakonda atatu kapena anayi. Koma yankho langa ndi lalifupi: mwamuna wa m'mabukuwa sachoka. Ng'ombe zimafuna kudya m'mawa uliwonse, mpanda ukaduka wokonza ndi iyeyo, ndiye apita kuti? Kuno amuna ali ngati kamvuluvulu, lero muli naye, mawa foni yake sikupezeka. Munthu amene ukudziwa kuti 5 koloko m'mawa umupeza kukhola, kwa ine ameneyo ndi wamtengo wapatali.

Anabanda:
Ana inu, mukuyesa zayamba lero? Ife tili ku sekondale yogonera konko m'zaka za m'ma 1980, buku limodzi lachikondi la kampani ya Mills & Boon linkazungulira hositelo yonse. Tinkalikuta ndi pepala lakhaki kuti lizioneka ngati la masamu, n'kumaliwerenga ndi tochi m'bulangete. Masamba a pamene pali nkhani yeniyeni ankada ndi zala mpaka kuthothoka. Amatironi anandilanda awiri, mpaka lero mtima umandiwawabe chifukwa limodzi ndinali ndisanamalize. Tinkawerenganso a Pacesetters, amene anali ndi mayina ndi mizinda ya kuno ku Africa, koma a Mills & Boon ndi amene ankatitengera kutali. Ndipo oweta ziweto analimo kale, makamaka a m'mafamu akuluakulu a ku Australia. Kampaniyo ndi yakale, inayamba ku London mu 1908, kenako a Harlequin a ku Canada anaigula mu 1971.

Mwana wanga wamkazi ndi amene anandiikira atsopanowa pa foni, ndipo kusiyana ndakuona. Kale mtsikana ankakhala wa zaka 19, wosadziwa kanthu, mwamuna ndi wolemera komanso waukali, womugwira mwamphamvu osapempha. A masiku anowa mkazi ndi wamkulu, wa zaka 30 kapena kuposa, ali ndi ntchito yake, mwina banja linatha, mwina ali ndi mwana. Mwamunayo ndi wokwinya nkhope inde, koma si wankhanza. Amakukonzera galimoto usanapemphe, amakusiyira nkhuni pakhomo, ndipo pa za kuchipinda amafunsa.

Mlimi wa ku Ngabu:
Ndilowereko ngati bambo, mundikhululukire amayi. Ine ndine woweta ng'ombe weniweni, ndili nazo 23. Akazi anga amawerenga mabuku amenewa, ndipo tsiku lina ndinawapempha kuti andifotokozere chomwe chimawasekerera pa foni. Anandiwerengera pamene ng'ombe yoyamba kubereka inavutika usiku, thole litakakamira, mwamunayo n'kuvula jekete m'chisanu, kulowetsa mkono, kumanga miyendo ya thole n'kukoka pang'onopang'ono potsatira kubuula kwa make. Ndinadabwa, chifukwa wolembayo zinthu amazidziwa, ndi mmene zimakhaliradi. Chosowa ndi fungo lokha. Ndowe, mankhwala a nkhupakupa, thukuta la tsiku lonse, zimenezo papepala sizimveka. Koma funso langa ndi lochokera pansi pa mtima. Zimenezo ine ndazichita kosawerengeka, usiku, ndekha ndi tochi. Bwanji akazi anga sanandiyang'anepo mmene mkazi wa m'bukumo ankamuyang'anira mwamuna uja?

Nagama wa ku Joni:
Achimwene, funso lanu landikhudza. Kodi munawaitanapo kuti akaone?

Mlimi wa ku Ngabu:
Ayi, sindinayambe. Kwathu mkazi sapita kukhola usiku.

Nachisale wa ku Leeds:
Achimwene, mwina pagona nkhani ndi pamenepo. M'mabukuwa wolemba amamuika mkazi pamalo poti aone ntchitoyo ndi maso ake. Iye ndi mlendo, sadziwa kalikonse ka ng'ombe, ndiye chilichonse amachiona mwatsopano: mmene mwamuna akulankhulira ndi hatchi yamantha, mmene manja okhakhala aja akugwirira kathole konyowa mofatsa. Mkazi akaona munthu wamphamvu akuchita zinthu mofatsa, mtima umadziwerengera wokha kuti nanenso adzandigwira chonchi. Kutentha kwa kuchipinda kumayambira kukhola.

Komanso tinene zoona, "kauboyi" wa m'mabukuwa nthawi zambiri si waganyu. Ndi mwini famu kapena mwana wa mwini, malo ake ndi maekala masauzande. Wobusa wa kwathu uja ng'ombe sizinali zake.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Mayi Nachisale mwakhudza mfundo imene ndimafuna kuikamba. Ine mabukuwa sindiwerenga, koma ndimaphunzitsa mbiri, ndipo kauboyi weniweni anali pafupi kwambiri ndi mnyamata wa ku Ntcheu uja kusiyana ndi mwamuna wa pa chikuto. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kunali ng'ombe zochuluka zopanda msika, pamene mizinda ya kumpoto ndi kum'mawa inkafuna nyama. Ndiye anyamata ankalembedwa ganyu yokusa ng'ombe masauzande, ulendo wa miyezi iwiri kapena itatu, kukazikweza sitima ku Kansas. Njira yotchuka inali Chisholm Trail, yokathera ku Abilene kuyambira 1867. Malipiro anali pafupifupi dola imodzi patsiku, kugona pansi, kudya nyemba. Nyengo imeneyi sinapitirire kwenikweni zaka 20. Waya waminga, umene Joseph Glidden anaulembetsa mu 1874, unatseka madambo, njanji zinafika pafupi, ndipo chisanu choopsa cha 1886 mpaka 1887 chinapha ng'ombe zosawerengeka kumpoto.

Luso lenilenilo linachokera kwa abusa a ku Mexico otchedwa vaquero, n'chifukwa chake mawu ngati rodeo (masewera a makauboyi) ndi lasso (chingwe chokolera ng'ombe) anachokera ku Chisipanishi. Akatswiri ambiri a mbiri amanena kuti pa makauboyi anayi aliwonse, mmodzi anali wakuda, ambiri mwa iwo ongomasulidwa kumene ku ukapolo. Bill Pickett, amene anayambitsa masewera ogwetsa ng'ombe poigwira nyanga, anali munthu wakuda. Chithunzi cha mzungu wamtali wapahatchi chinakuzidwa ndi zionetsero za makauboyi za munthu wotchedwa Buffalo Bill kuyambira 1883, kenako mafilimu.

Ndipo pali nkhani ya malo. Buku likamati famu iyi yakhala m'banja lathu mibadwo isanu, funsani kuti usanafike m'badwo woyambawo kunali ndani. Ku Montana kunali a Blackfeet, a Crow, a Cheyenne ndi mitundu ina. Lamulo la mu 1862 linkapereka maekala 160 kwa munthu wokakhala pamalo n'kuwalima, koma malowo sanali opanda eni. Ife amene tikudziwa za thangata ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje sitiyenera kuwerenga zimenezi ngati sitikuzimva.

Nagama wa ku Joni:
Aphunzitsi, zikomo, izi ambiri sitimazidziwa. Ndipo n'zoona, mabuku ambiri amtunduwu matauni ake ndi a azungu okhaokha, wakuda ukamupezamo ndi mnzake wa mkazi uja wongobwera kudzapereka malangizo. Koma alipo olemba achikuda amene akulemba za mabanja achikuda oweta ng'ombe, ena za kale, ena za lero. Ndinawerengapo limodzi lomwe mkazi amamanga duku la silika pogona, mwamuna wake kauboyi n'kumuthandiza kumasula tsitsi. Ndinalira, chifukwa kanali koyamba kudziona ndekha m'nkhani yotere. Amene akufuna mayina andipeze pambali.

Mayi a Mphatso:
Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndalephera kupirira. Abale anga, tisanamizane. Zolaula ndi zolaula, kaya zili pa kanema kaya zili m'buku. Tikuzitchula tsabola kuti zimveke bwino, koma ndi zinthu zimene makolo athu ankazisunga kuseri pa chifukwa. Ndili ndi mtsikana wa zaka 15. Mwezi watha ndinapeza buku lotere pa foni yake. Chikuto chake chinali chojambula ngati katuni, mnyamata wachipewa ndi mtsikana wa diresi yamaluwa, ndinayesa ndi la ana. Nditatsegula pakati manja ananjenjemera. Chachiwiri, mayi wapabanja akamadya zimenezi tsiku ndi tsiku, bambo wakunyumba amene wabwera wotopa ndi ntchito adzamuona bwanji? Mwamva nokha bambo a ku Ngabu akudandaula. Si mpeni uwu wodulira mabanja?

Woyang'anira gulu:
Mayi a Mphatso afunsa mwaulemu, tiwayankhe mwaulemu. Ndikumbutsenso kuti gulu lino ndi la akuluakulu, ndipo sitikoperapo ndime za m'mabuku pano.

Anabanda:
Mayi a Mphatso, pa za mwana ndili nanu limodzi popanda kuchotsera. Mabukuwa si a mtsikana wa zaka 15, ndipo zikuto zakatunizo zasokoneza makolo ambiri. Munachita bwino kutsegula.

Koma pa za ife akuluakulu, ndiloleni ndiyankhule ngati mayi amene ndakhala pabanja zaka 31, ndipo ndalangizapo atsikana ambiri olowa m'banja. Taganizirani zimene tinauzidwa ifeyo. Alangizi anatikhazika pansi usiku wonse: madzi a bambo azikhala otentha, kansalu kazikhala pafupi, m'chiuno muzikhala mofewa, bambo sakanizidwa. Zonsezo zinali za kusangalatsa mwamuna. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti iwenso mwanawe uli ndi gawo lako, ndipo ukapanda kulipeza uzinena. Ambirife tabereka ana asanu tisakudziwa kuti chimene amuna amathamangira n'chiyani. Timangoti ndi ntchito ya m'banja, ngati kusinja.

M'mabukuwa nkhani imayenda kuchokera m'thupi ndi mumtima mwa mkazi. Mwamuna amafunsa kuti apa zili bwino, amadikira, mkazi akati ayi amasiya osakwiya, ndipo sagona mnzake asanakhutire. Wolemba amathera masamba ambiri pa zimene mkazi akumva. Mudziwe kuti ochuluka olemba mabukuwa ndi akazi, owerenganso ambiri ndi akazi. Zakanema zija zimapangidwira maso a amuna, mkazi amakhala ngati chiwiya. Izi ndi zosiyana.

Ine sizinandichotse kwa bambo akunyumba. Zinandipatsa mawu. Patatha zaka zoposa 20 ndinalimba mtima n'kuwauza zimene ndimafuna. Anachita manyazi, anakhala chete masiku awiri, koma anamva. Ndikanakonda alangizi athu akanatiuza zimenezi m'Chichewa chathu chomwechi, kuti tisamakaziphunzire kwa anthu a ku Texas.

Mayi a Mphatso:
Anabanda, ndakumvani, ndipo za ulangizi mwanena zoona, nanenso ndinauzidwa zomwezo. Koma ine mtima wanga sundilolabe kuwerenga zoterozo. Ndikuona kuti chofunika kukonza ndi ulangiziwo. Nkhaniyi ndikaitula kwa amayi anzanga a kumpingo.

Nasibeko:
Ine ndine wamng'ono pano, koma ndinene zanga. Amene amandigwira mtima ndi a rodeo, okwera nkhunzi aja. Munthu amayenera kukhala pamsana pa nkhunzi yolusa masekondi 8, dzanja limodzi litagwira chingwe, linalo m'mwamba osakhudza nyamayo. Ndinakaonera pa YouTube ndipo ndi zoopsadi, anthu amathyoka nthiti ndi mapewa. Mumzinda wa Cheyenne ku Wyoming amachita chikondwerero chachikulu cha zimenezi mwezi wa Julaye chaka chilichonse, chinayamba mu 1897. M'mabukumo wokwera nkhunzi nthawi zambiri amakhala atavulala, zaka zikupita, madokotala amuuza kuti asiye, ndipo sakudziwa kuti popanda masewerawo iye ndi ndani. Ndiye umaona mwamuna amene dziko lonse limamutcha wopanda mantha akuvomera kwa mkazi mmodzi yekha, usiku, kuti akuopa. Anyamata athu analeredwa kuti mwamuna salira. Ine chibadwire sindinamvepo mwamuna akunena kuti ndikuopa.

Nachisale wa ku Leeds:
Nasibeko wanena bwino. Koma ndakhala ndikuganiza usiku wonse kuntchito, ndipo ndaona kuti kwa ine mwamunayo ndi theka chabe. Theka linalo ndi tauniyo. Wyoming ndi yaikulu kuposa Malawi kawiri, koma anthu ake safika 600,000. Ndiye katauni ka m'bukumo aliyense amadziwa galimoto ya mnzake. Ukagona kunja, pofika 7 koloko mayi wa kulesitilanti wadziwa kale, akukuthirira khofi akumwetulira. Munthu akamwalira, mbale za chakudya zimabwera zokha pakhomo. Khola likapsa, amuna onse amabwera ndi nyundo. Nthawi yodinda matole chizindikiro, mabanja oyandikana amasonkhana kuthandizana, kenako n'kudyera pamodzi, ndendende ngati dima.

Kuno ndakhala zaka 6 m'nyumba imodzi, woyandikana naye dzina lake sindilidziwa. Kuntchito ndimasambitsa agogo amene ana awo amabwera kamodzi pa miyezi itatu. Ndikatsegula bukulo ndimapeza mudzi. Mapiri ake ndi achilendo, chisanu chake ndi chachilendo, koma moyo wake ndi wa ku Ntcheu.

Nagama wa ku Joni:
Asisi, apa pokha tisiyana pang'ono. Ine mudzi ndinauthawa dala. Bambo atamwalira achibale anabwera kudzatenga malata ndi njinga, mayi anga n'kutchedwa mfiti. Miseche ya kumudzi imapha. Tauni ya m'bukumo ndi mudzi wosefedwa, gaga atachotsedwa. Miseche yake ndi yachikondi, apongozi ake ndi okoma mtima, palibe wolanda katundu wamasiye. Mdani amakhala wakunja, wabanki kapena wachuma wofuna kugula famu kuti amangepo nyumba za alendo. Ndimawakonda mabukuwa chifukwa chomwecho, amandipatsa mudzi umene ndinkaulakalaka, osati umene ndinali nawo.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Za wachuma wogula malozo si zopeka. M'madera ngati a kufupi ndi Bozeman ku Montana mitengo ya malo yakwera kwambiri chifukwa cha anthu olemera ochokera kwina, ndipo mabanja oweta amavutika kusunga mafamu. Woweta amagulitsa matole kamodzi pachaka, nyengo yachisanu isanayambe, ndalama imeneyo ndiyo ya chaka chonse. Mtengo ukagwa kapena chilala chikagwa, ngongole imamudya.

Mlimi wa ku Ngabu:
Aphunzitsi, pamenepo ndiye ndife amodzi ndi anthu amenewo. Chuma chathu chimayenda ndi miyendo inayi. Chilala chikabwera, madzi akasefukira, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akagwa boma n'kutseka misika, umangoyang'ana ndalama zako zikuwonda m'khola. Ndiponso chipewacho si chachilendo kwenikweni kwa ife. Bambo anga Lamulungu lililonse ankatchera nyimbo za country pa wailesi, akupukuta njinga, ndipo mafilimu oyamba amene tinaonera anali a makauboyi. Anyamata tonse tinkasewera mfuti zamatabwa. Kungoti ife amuna tinatengako mfuti ndi hatchi, amayi mwatengako zina.

Anabanda:
Pali chinanso chimene sitinatchule. Buku lachikondi lili ndi lamulo lake: pamapeto awiriwo akhale pamodzi, osangalala. Likapanda kutha choncho, owerenga salivomera kuti ndi la mtunduwu. Ena amati zimenezo n'zachibwana, ukudziwa kale mathero ukuwerengeranji? Koma nthano za agogo tinkadziwa kuti Kalulu apulumuka, tinkamvetserabe mpaka moto kuzima. Chokoma ndi njira yake. Adzathana bwanji ndi mwana wa mwamunayo amene sakufuna mayi wina? Mkaziyo asiya ntchito yake ya mumzinda, kapena apeza njira ina?

Nasibeko:
Chimenecho ndiye chimandinyansa nthawi zina, Anabanda. Bwanji nthawi zonse wosiya zake ndi mkazi? Digiri yake, ntchito yake, zonse n'kukatsegula kabekale m'tauni ya anthu 900.

Nagama wa ku Joni:
Ng'ombe sizisamuka mng'ono wanga, ndiye wosamuka ndi mkazi. Ndi chitengwa chenicheni. Koma olemba abwino amaonetsa kuti mkaziyo wasankha yekha, ndipo amapita ndi luso lake, kaya ndi dokotala wa ziweto, kaya loya amene akupulumutsa famuyo. Amene amangomusandutsa wophika ndimawasiyira panjira.

Nachisale wa ku Leeds:
Za mathero zija, Anabanda, kwa ine ndi mankhwala. Sabata yatha agogo ena amene ndawasamalira zaka ziwiri anatisiya ndili nawo pambali, cha m'ma 2 koloko usiku. Nditamaliza zonse zofunika ndinakhala pansi m'kachipinda kopumulira, thupi likunjenjemera. Sindikanatha kuwerenga nkhani imene ingandipweteke. Ndinatsegula buku limene ndinkadziwa kuti ngakhale akangane chotani, palibe amene afe, ndipo mwamunayo abwera ndi pikapu yake kudzapepesa. Ndinawerenga masamba 20, mtima unakhala pansi, n'kubwerera kukatembenuza agogo ena.

Mayi a Mphatso:
Pepani mwana wanga. Mulungu akulimbitseni pa ntchito imeneyo.

Mlimi wa ku Ngabu:
Ndabweranso, abale. Funso la a Nagama lija silinandichoke m'mutu. Usiku wathawu ng'ombe yanga ina yoyamba kubereka inayamba kuvutika cha m'ma 11. Ndinawadzutsa akazi anga, ndinati tiyeni mukandigwirire tochi. Anadabwa, koma anavala chitenje n'kunditsatira. Thole linabwera mwendo umodzi utapindikira m'mbuyo, ndinalimbana nalo pafupifupi ola lathunthu kuti ndiuwongole. Iwo sanalankhule kanthu, tochi yokha ndiyo inkanjenjemera. Litatuluka silinkapuma, ndinalipukuta mphuno ndi udzu mpaka linayetsemula. Pobwerera kunyumba ananditenthetsera madzi okha ndisanapemphe, n'kukhala pakhomo pa bafa akundifunsa mafunso, kuti ndinaphunzira kuti, ndinadziwa bwanji kuti mwendo wapindika, kodi sindimaopa. Takhala zaka 17 osakambapo za ng'ombe kupatula mtengo wake.

Nachisale wa ku Leeds:
Achimwene, mwandiliza pa basi. Nanga za kuopazo munawayankha chiyani? Ndipo tholelo ndi lalimuna kapena lalikazi?

Mlimi wa ku Ngabu:
Ndinawauza zoona, kuti ndimaopa nthawi zonse. Ndi lalikazi, lofiira, layamwa kale m'mawa uno. Iwo akuti ndi lawo.